Kuyankha funso la melanoma ya m'mphuno

Achemwali a ku Ulongwe, mwati mayi anu a zaka 66 akhala akutuluka kamfuno mbali imodzi, mphuno yomweyo yatsekeka, ndipo kanyama komwe madokotala anadula kapezeka kuti ndi khansa yotchedwa melanoma. Mukufuna kudziwa ngati imachizika. Pepani ndi matendawa.

Khansa imeneyi siibwera chifukwa cha dzuwa ngati melanoma ya pakhungu la azungu. Imamera pa kachikopa konyowa ka m'kati mwa mphuno kapena m'mphako za mafupa a nkhope, makamaka kwa anthu opitirira zaka 60. Nthawi zina siikhala yakuda n'komwe, n'chifukwa chake imasokonezedwa ndi chotupa wamba.

Thandizo lenileni ndi opaleshoni yochotsa chotupa chonse pamodzi ndi mnofu wabwino wozungulira. Kudula kanyama kokayeza si opaleshoni imeneyo ayi. Asanachite opaleshoni pamafunika sikani ya CT ya kumaso ndi khosi, ndi MRI ngati ilipo, kuti aone ngati chafika ku diso kapena pa fupa lomwe limalekanitsa mphuno ndi ubongo. Ayezenso mapapo ndi chiwindi, chifukwa chikafalikira chimakonda kupita kumeneko. Chovuta n'chakuti m'mphuno ndi mopanikiza. Dokotala sangadule mokulirapo osawononga diso, choncho timbewu tosaoneka timatsalira, ndipo kwa odwala ambiri chotupa chimameranso pomwepo. Ichi n'chifukwa chake akatha opaleshoni amawonjeza radioterapia, kuwotcha timbewu ta khansa ndi cheza cha makina, masiku 5 pa sabata kwa masabata pafupifupi 6. Imachepetsa kumeranso kwa chotupa m'mphuno, koma siiletsa kufalikira kwina. Makina ake ali ku Hospital Central de Maputo, ndiye banja liyambiretu kukambirana za ulendo, malo ogona ndi wodikirira odwala.

Quimioterapia (mankhwala opha khansa) yakale monga dacarbazine imathandiza ochepa. Mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi, nivolumab ndi pembrolizumab, amaposa apo, ngakhale sagwira bwino monga amachitira pa melanoma ya pakhungu, komanso ndi okwera mtengo zedi. Musagulitse ng'ombe musanamve kwa dokotala wa khansa.

Za moyo tisabise. Mwa odwala 10, pafupifupi 3 ndi omwe amafika zaka 5. Mwayi umakula ngati chotupa chili m'mphuno mokha, chachotsedwa chonse, ndipo sichinafalikire. Chikayambira m'mphako za mafupa chimadziwika mochedwa, motero chimavuta koposa.

Sabata ino pitani ku Hospital Provincial de Tete ndi pepala la zotsatira, mupemphe kuonana ndi otorrino, dokotala wa mphuno ndi makutu, komanso guia, kalata yopitira ku chipatala chachikulu. Mapepala onse ajambuleni pafoni. Mayi asathiridwe mankhwala azitsamba kapena fodya m'mphunomo, chotupacho sichichedwa kutuluka magazi. Kamfuno akayamba, akhale tsonga, aweramire kutsogolo, afinye pofewa pa mphuno mphindi 15 osasiya. Akapanda kuleka thamangirani kuchipatala. Pa ululu amwe paracetamol, osati aspirin, ibuprofen kapena diclofenac, chifukwa zimenezi zimachedwetsa magazi kuundana. Ululu ukakula pemphani morfina, musachite naye mantha.

Akachitidwa opaleshoni, m'zaka 2 zoyamba azikaunikidwa m'mphuno ndi kamera miyezi 3 iliyonse, ngakhale akumva bwino.