Kodi ntchito ya munthu wongodzipereka mumpingo imathera pati?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amasonkhana mumpingo wa mabanja owerengeka, kumene abusa amafika mwa apo ndi apo chifukwa amayang'aniranso mipingo ina. Mayiwa anasankhidwa kukhala msungichuma, koma lero ndiwo amatsekula tchalitchi, kuphunzitsa ana Sande sukulu ndi kuyendera odwala, ndipo anthu ayamba kuwatulira nkhani za m'banja. Posachedwapa banja lina linawapempha kuti abatize mwana wodwala chifukwa abusa anali kutali. Funso la mayiwa linali lakuti: "Kodi ntchito yanga imathera pati, nanga ndikakana zina ndiye kuti ndakana Mulungu?"

Mayi, funso lanuli landikhudza kwambiri, chifukwa ndinaonapo ndi maso anga kumene njira mukuyendayi imakathera.

Pa nthawi imene ndinali mlembi wa mpingo waung'ono ngati wanuwo, tinali ndi bambo ena achikulire, adikoni, amene aliyense ankawatchula pofuna kupereka chitsanzo cha munthu wodzipereka. Makiyi a tchalitchi ankakhala pa chingwe chakuda m'thumba la jekete lawo, ndipo m'thumba linalo munkakhala kabuku ka chopereka, kamene chikuto chake chinali chitaperepeseka m'makona chifukwa chogwiridwagwiridwa. Mapemphero akatha, tonse tikupatsana moni panja, iwo ankatsala okha pa benchi yakutsogolo, n'kukhuthulira mbale ya chopereka pa mpango, kusanja ndalama zachitsulo m'timilu, kenako n'kulemba chiwerengero ndi pensulo yaifupi imene ankainola ndi mpeni. Ndiwo ankasesa, ndiwo ankadziwa amene wadwala, ndiwo ankalalikira abusa akalephera kufika, ndipo denga likayamba kudontha ndiwonso ankakwera. Panalibe msonkhano umene unakhala pansi n'kuwapatsa ntchito zonsezi. Zinkangowagwera imodziimodzi, chifukwa iwo sankatha kukana ndipo enafe zinkatipepukira.

Tsiku lina anagonekedwa m'chipatala mwadzidzidzi. Lamulungu lotsatira mapemphero anayambira panja chifukwa makiyi anali atapita ndi jekete, ndipo panalibe amene ankadziwa kuti ndalama za mpingo zili pati, kapena kuti pali ngongole zanji zoyenera kubwezedwa. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti pasanapite nthawi, anthu omwe aja ankawatamanda anayamba kunong'onezana kuti mwina ndalama zina zinkathera m'thumba mwawo. Tinakhala pansi ndi kabuku kaja, tsamba ndi tsamba, ndipo sitinapeze ngakhale khobidi losowa. Koma manong'onong'o anali atawafika kale ali pabedi, moti atachira anabweza makiyi ndi kabuku, ndipo sanalolenso kugwira ntchito iliyonse mpaka tsiku limene anatisiya.

Ndikunena mosapsatira kuti mpingo umene umasenzetsa munthu mmodzi ntchito zopanda malire umamulakwira munthuyo, ngakhale umuyamikire paguwa Lamulungu lililonse. Pali mawu amene timakonda kukankhirana nawo katundu, akuti ntchito ya Mulungu sakana, ndipo kawirikawiri amawanena ndi anthu amene iwo eni akana kale. Mawuwa ine sindigwirizana nawo. Amachititsa manyazi munthu wotopa kuti asanene kuti watopa, amabisa ulesi wa anthu ambiri kumbuyo kwa khama la munthu mmodzi, ndipo amalepheretsa achinyamata kuphunzira ntchito chifukwa mpando uliwonse uli ndi mwini wake kale. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mumpingo waung'ono mawuwa amaiwalika msanga, popeza anthu ndi ochepa ndipo amene wavomera kamodzi ndiye amapemphedwanso.

Malemba saphunzitsa kuti kutumikira ndi kuvomera chilichonse. Pa Eksodo 18, Yetero ataona Mose akuweruza anthu yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, sanamuyamikire. Anamuuza kuti zimene akuchitazo si zabwino, kuti alefuka iye pamodzi ndi anthuwo, ndipo anamulangiza kuika atsogoleri a anthu 1,000, a anthu 100, a anthu 50 ndi a anthu 10, kuti kwa Mose kuzifika milandu ikuluikulu yokha. Pa Machitidwe 6, Ayuda olankhula Chigiriki atadandaula kuti akazi amasiye awo akuiwalidwa pa kagawidwe ka tsiku ndi tsiku, atumwi anakana kuigwira okha ntchitoyo, ngakhale inali ntchito yabwino ndi yofunika. Anati sikoyenera kuti asiye mawu a Mulungu n'kumatumikira pa magome, ndipo anauza mpingo kuti usankhe amuna 7. Taonani m'mene zinayendera: mpingo wonse ndiwo unasankha, ntchito inatchulidwa, anthuwo anaimiritsidwa pamaso pa atumwi, ndipo anapemphereredwa. Ngati Petro ndi anzake anatha kunena kuti ntchito iyi si yathu popanda kuchimwa, msungichuma nayenso angathe kunena chimodzimodzi.

Chitsanzo chimene chimandithandiza kwambiri ndi cha John Wesley, mlaliki wa ku England amene anayambitsa gulu la Methodist. Mu 1742, mumzinda wa Bristol, anthu ake anali ndi ngongole ya nyumba yosonkhaniramo, ndipo anagwirizana zogawa mamembala m'timagulu ta anthu pafupifupi 12, kagulu kalikonse ndi mtsogoleri wake wotolera peni imodzi pa mlungu kwa munthu aliyense. Atsogoleriwa sanali abusa, anali anthu wamba a ntchito zawo. Posakhalitsa Wesley anaona kuti poyenda khomo ndi khomo ankadziwanso amene wadwala ndi amene wafooka m'chikhulupiriro, choncho mu 1743 analemba ntchito yawo momveka: kuonana ndi munthu aliyense wa m'kagulu kamodzi pa mlungu, kufunsa za moyo wake wauzimu, kulangiza, kudzudzula ndi kutonthoza, kulandira zimene wapereka, kenako kukadziwitsa mtumiki za odwala ndi za osamva uphungu, ndi kukapereka ndalama kwa oyang'anira chuma. Mtsogoleri ankadziwa anthu ake, ntchito yake, ndiponso kumene ayenera kukatula zimene zamukulira. Wesley yemweyo analola anthu wamba kulalikira, koma sanawalole kupereka masakaramenti, ndipo anthu a ku America atasowa abusa anachita kudzoza atumiki mu 1784 m'malo mongouza alaliki aja kuti ayambe kubatiza.

Za ubatizo ndi ntchito zina zimene si zanu

Malire ali ndi mbali ina imene anthu odzipereka sakonda kuimva. Munthu akasenza ntchito zambiri kwa nthawi yaitali, amayamba kuona ngati mpingo ndi wake, ndipo zinthu zimene poyamba ankazichita pothandiza amayamba kuzichita molamula. Ndaonapo anthu abwino akusanduka eni tchalitchi, moti abusa atsopano ayenera kuyamba apempha kwa iwo asanasunthe ngakhale benchi. Mfumu Uziya, pa 2 Mbiri 26, inali mfumu yochita bwino, koma itakhala yamphamvu inalowa m'kachisi kukafukiza lubani, ntchito imene inali ya ansembe okha, ndipo wansembe Azariya pamodzi ndi ansembe ena 80 anaitsutsa maso ndi maso. Kukhulupirika pa ntchito imodzi sikupatsa munthu chilolezo cha ntchito zonse.

Pa nkhani ya mwana wodwalayo, yankho lagona pa chiphunzitso cha mpingo wanu, chifukwa mipingo imasiyana. Malamulo a Mpingo wa Katolika a mu 1983 amalola kuti pakakhala vuto ladzidzidzi, monga pamene munthu ali pafupi kufa, aliyense amene ali ndi cholinga choyenera abatize, koma Misa, kulapitsa ndi kudzoza odwala ndi ntchito za wansembe yekha. Chikhulupiriro cha Westminster cha mu 1646, chimene mipingo yambiri ya Chipresibeteriya imatsatira, chimati ubatizo ndi Mgonero wa Ambuye ziperekedwe ndi mtumiki wa Mawu wodzozedwa mwalamulo basi. Palinso mipingo imene sibatiza ana n'komwe. Choncho funso limeneli musaliyankhe nokha usiku pambali pa mwana wodwala, makolo akulira. Lifunseni kwa abusa masana, zinthu zili bata, kuti tsiku lovuta likadzafika mudzakhale mukudziwa chochita. Kupemphera ndi banjalo, kukhala nawo ndi kuwathandiza kufika kuchipatala, zimenezo palibe mpingo umene ungakuletseni.

Wina anganene kuti Filipo, mmodzi wa amuna 7 aja, analalikira ku Samariya ndipo anabatiza nduna ya ku Etiopia. N'zoona, ndipo sindikufuna kuti munthu aliyense atsekeredwe mu ntchito imene anayamba nayo, chifukwa mphatso zimakula. Koma atumwi atamva za ku Samariya anatumiza Petro ndi Yohane, ndipo pofika pa Machitidwe 21 Filipo akutchedwa mlaliki. Ntchito yake inakula mpingo ukuona ndi kuvomereza. Ngati Mulungu akukulitsa utumiki wanu, abale anu aziona ndipo akupatsani ntchitoyo poyera.

Za ndalama ndi zinsinsi

Popeza ndinu msungichuma, apa ndiumirira kwambiri. Musawerenge chopereka nokha, musasunge ndalama za mpingo kunyumba kwanu kupitirira nthawi yofunika kuti zikafike kubanki, ndipo musatulutse ndalama popanda munthu wachiwiri wosaina. Ena amaona ngati kupempha mboni ndi kudzikayikira, koma Paulo, potenga thandizo la kwa oyera mtima, anayenda ndi abale osankhidwa ndi mipingo, ndipo pa 2 Akorinto 8 akufotokoza kuti anachita zimenezi kuti wina asawanene, pofuna kuchita zokoma pamaso pa Ambuye ndi pamaso pa anthu omwe. Mboni ndiyo imakutetezani tsiku limene simungathe kudziyankhira. Musabwereketsenso ndalama za mpingo kwa munthu chifukwa wakulirirani, ngakhale akhale m'bale wanu kapena mkulu wa mpingo, pokhapokha komiti itavomereza ndipo zalembedwa.

Nkhani za m'banja zimene anthu akukutulirani nazonso zili ndi malire ake. Kumvetsera ndi kupemphera ndi munthu mungathe, koma kugamula kuti banja lithe kapena lisathe si udindo wanu. Musauze wodwala kuti asiye mankhwala, ndipo musalonjeze kusunga chinsinsi musanamve nkhani yake, chifukwa pali zinthu zimene siziyenera kubisidwa. Mukamva kuti mwana akuchitiridwa nkhanza, kapena kuti moyo wa munthu uli pangozi, nkhaniyo ndi ya apolisi ndi oteteza ana, ndipo mpingo umene umaikwirira pofuna kusunga mbiri yake umakhala wasiya mwanayo m'manja mwa womuzunza. Pa chifukwa chomwecho, m'kalasi ya Sande sukulu muzikhala akuluakulu awiri.

Tsopano chochita, mayi. Lembani pa pepala ntchito zonse zimene mukugwira, ndipo muchonge imene mpingo unakusankhirani. Abusa akadzabwera, pemphani kuti nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wa akulu a mpingo, ndipo mufunse kuti ntchito ya msungichuma ilembedwe: zimene muyenera kuchita, amene mumapereka malipoti kwa iye, ndi nthawi imene udindowo udzathe kuti pachitike chisankho china. Pa ntchito zotsalazo, sankhani imodzi imene mtima wanu ulipo, ndipo zinazo munene tsiku limene mudzazitule, kuti anthu akhale ndi mpata wopeza wolowa m'malo. Makiyi adulitsidwe ena, ndipo munthu amene muziwerenga naye chopereka ayambe Lamulungu likubwerali. Mwina kwa milungu ingapo tchalitchi chitsekulidwa mochedwa ndipo ena adandaula. Zikatero musathamangire kutenganso ntchito imene mwatula, dikirani kuti akulu a mpingo aike munthu wina.