Ndikufuna ntchito yoteteza zipembere, koma bambo akukana

Funso: Azakhali, ndili Fomu 4 ndipo ndimalakalaka kudzagwira ntchito yofufuza nyama zakutchire zimene zikutha, makamaka chipembere. Bambo akuti imeneyo ndi ntchito ya mfuti, yosayenera mwana wamkazi. Kodi n'zoona? Nanga ndiyambire pati?
Mtsikana wa ku Machinga

Yankho: Mwana wanga, amene bambo akunenawo ndi alonda a nkhalango, ndipo pakati pawo amayi aliponso. Ife ofufuza timanyamula kope, cholembera ndi makamera omangirira pamtengo, amene amajambula okha nyama ikadutsa usiku.

Ntchito yathu yaikulu ndi kuwerenga nyama ndi kuzidziwa imodziimodzi. Chipembere timachicheka pang'ono m'makutu, chilichonse mosiyana ndi chinzake, kuti tikachiona patali tidziwe kuti ndi chiti. Ine ndinakhalapo masiku anayi ndikulondola mapazi ndi ndowe za chachikazi china, ndipo nditachipeza chili ndi kamwana pambali misozi inalengeza. Chipembere chimakhala ndi bere miyezi 15, chimabereka mwana mmodzi, ndipo pamapita zaka ziwiri kapena zitatu chisanabereke wina. Ndiye chimodzi chikafera pamsampha wa waya, timakhala tataya zaka zambiri.

Ku Majete zipembere zinali zitatheratu mpaka pamene zinabwezeretsedwa mu 2003, chaka chimene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira malowo mogwirizana ndi boma. Kwanu komweko, ku Liwonde, kunafika zipembere 17 za mtundu wa chipembere chakuda zochokera ku South Africa mu 2019. Nyama zotere zisanatsitsidwe m'galimoto, pamafunika munthu woti ayambe waona ngati tchirelo lili ndi chakudya chokwanira, pajatu chipembere chakuda chimadya masamba ndi tinthambi, osati udzu.

Chimene chimandivuta kwambiri ine si minga kapena dzuwa ayi. Ndi kukhala pansi ndi mlimi amene njovu zamudyera munda wonse usiku umodzi. Ukapanda kumumvetsera mwaulemu, ziwerengero zako zonse sizipulumutsa nyama.

Limbikira Biology, Chingerezi ndi masamu. Masamuwo usawathawe, chifukwa theka la ntchitoyi limachitikira pa kompyuta. Ukakhoza, funsa za maphunziro a zachilengedwe ku yunivesite ya LUANAR ku Lilongwe, ku Mzuzu University kapena ku Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza. Padakali pano lowa kalabu ya zachilengedwe pasukulu panu, ndipo tsiku limene mudzapite kukaona nyama ku Liwonde, udzawapemphe bambo kuti apite nawo.