Kodi olemba nkhani zopeka za sayansi amaloseradi zam'tsogolo?

Mwafunsa ngati olemba nkhani zopeka za sayansi amaonadi zam'tsogolo, ndipo ine ndikuona kuti nthawi zambiri salosera ayi, koma amatsatira mwachidwi zimene akatswiri a nthawi yawo akufufuza, kenaka n'kuziyerekeza zitakhwima.

Taganizirani za Jules Verne wa ku France, amene mu 1865 analemba za anthu atatu onyamuka ku Florida, m'dziko la America, kupita kumwezi. Mu 1969 chombo cha Apollo 11 chinanyamukadi ku Florida chitanyamula anthu atatu, komabe Verne sanalote zimenezi, chifukwa anasankha Florida atawerengera kuti akufunika malo akum'mwera kwa America, kumene mwezi umafika paliwombo. Pa njira yoyendera ndiye anaphonya kwambiri, popeza anthu akewo anawaponya ndi chimfuti chachikulu, chimene mphamvu yake ikanawaphwanya asanachoke n'komwe pansi.

Nkhani ya wolemba wina wa ku England, H. G. Wells, ndi imene imandikhudza kwambiri. M'buku lake la 1914 anafotokoza za mabomba a atomu, ndipo katswiri wa sayansi Leo Szilard, amene anawerenga bukulo mu 1932, chaka chotsatira ali ku London anapeza ganizo la mmene atomu imodzi ikasweka ingachititsire kuti enanso asweke motsatizana. Pamenepa wolemba sanangolosera, koma anadzala ganizo m'mutu mwa munthu wodziwa kuligwiritsa ntchito. Ngakhale zinali choncho, mabomba a Wells ankaphulika kwa masiku ambiri osaleka, pamene bomba la atomu limene linaponyedwa ku Hiroshima, m'dziko la Japan, mu 1945 linasakaza mzinda m'kanthawi kochepa.