Kwa achimwene ofuna kupita ku Joni pa galimoto yawo

Achimwene, ndaona funso lanu loti mukufuna kupita ku Joni ndi banja pa Sienta yanu mu December uno, ndiye mukufunsa ngati kayendetsedwe ka kumeneko ndi chimodzimodzi ndi kwathu kuno poti konseko amayenda kumanzere. Ena akuyankhani kale kuti ingothirani fulu thanki muzipita. Ine ndikukana. Mbali ya msewu ndi imodzi inde, Mozambique, Zimbabwe, South Africa konse ndi kumanzere, koma anthu ake amayendetsa mosiyana kwambiri, ndipo chimene chimapweteketsa ambiri a ife kunjaku ndi chizolowezi chimene timanyamuka nacho ku Limbe kuno.

Njira yake mukhota pa Zalewa kulowera ku Mwanza, mudinditsa pa boda n'kulowa pa Zobue, kenako Moatize, Tete, kuwoloka Zambezi mpaka Cuchamano ndi Nyamapanda. Kuchoka apo Harare, Masvingo, Beitbridge, Musina, basi N1 mpaka Pretoria ndi Johannesburg. Ndi makilomita pafupifupi 1,700 amenewo, ndiye ngati dalaivala muli nokha chonde kagoneni ku Harare, musamvere za anyamata amene amati tinangokoka osaima, mwanyamula ana inu.

Mapepala musachite nawo chibwana. Bulu buku, laisensi, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti galimoto siyobedwa, ndipo ngati ili mu dzina la munthu wina mukhale ndi kalata ya mwini wake. Yellow Card ya COMESA, inshulansi ija ya galimoto yopita kunja, imagwira ku Zimbabwe koma Mozambique sili mu COMESA, ndiye inshulansi ya kumeneko mugula pa boda. Ku Mozambique amafuna matirayango awiri ndi kavesiti konyezimira kaja, ku Zimbabwe muwonjezere chozimitsira moto ndi zomata zonyezimira, zoyera kutsogolo zofiira kumbuyo. Zinthu zotchipa izi, gulani konkuno musananyamuke.

Ku Mozambique chachikulu ndi zikwangwani za spidi. Mukuyenda bwinobwino patchire, mwadzidzidzi timanyumba tingapo ndi chikwangwani cha 60, ndipo 60 imeneyo ndi 60 yeniyeni ngakhale msewu uli mbee. Akakuimitsani zimitsani injini, perekani moni, perekani mapepala, musakweze mawu. Cha ku Zobue anthu ambiri Chichewa amamva, ndipo Chinyungwe cha ku Tete mawu ena mutolako. Kutentha kwa ku Tete mu December n'koopsa, onani madzi a mu radiyeta komanso matayala akhale abwino, aja a kaunjika otha mizere musayerekeze.

Zimbabwe siidzakudabwitsani kwenikweni, makombi a mu Harare ndi timagalimoto tija amati mushikashika amaima paliponse ngati maminibasi athu a pa Mibawa. Khalani ndi madola ang'onoang'ono a pa tolgeti. Koma msewu wa Masvingo kupita ku Beitbridge usiku ayi, ng'ombe ndi abulu zimangoima pakati pa tara, mabasi ndi mathiraki akukuthirani fulu laiti m'maso.

Tsono pamene ndikufuna mumvetsetse ndi mukangowoloka Limpopo kulowa mu South Africa. Pa N1 malire a spidi ndi 120, ndipo anthu amayendadi 120. Ife pa Chipembere Highway tinazolowera kukhala mu leni ya kumanja pa 40 kuchokera pa Ginnery Corner mpaka pa Chichiri uku tikuyankha foni, wofuna kudutsa adutsire kumanzere. Kumeneko leni ya kumanja ndi yodutsira basi, mukadutsa bwererani kumanzere. Mukakhalitsa mungoona pagalasi galimoto yakumatirirani kumbuyo ikuphethira magetsi, ndipo munthu wosazolowera amanjenjemera n'kukhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi osayang'ana, ngozi zambiri zimayambira pamenepo. Polowa mu friiweyi musaime kumapeto kwa kanjira kolowera kaja kudikira kuti msewu uyere, simudzaupeza woyera, kwezani spidi mufanane ndi anzanuwo n'kulowa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachikonda kumeneko. Pamene msewu uli wa leni imodzi, muona thiraki ili kutsogolo kwanu ikusendera pang'onopang'ono kumanzere, matayala ake kudutsa mzere wachikasu uja, kukusiyirani mpata. Inu mudutse, mukangomaliza dinani mahazadi aphethire kawiri, ameneyo ndi zikomo, ndipo mukayang'ana pagalasi muona iye akuphethira magetsi kukuyankhani. Nanunso wina akakhala wothamanga kuposa inu mupatseni mpata, koma masana okha ndiponso pamene mukuona patali, chifukwa mu mzere wachikasumo mumakhala anthu oyenda pansi ndi magalimoto owonongeka. Ndipo indiketa ya thiraki yokuuzani kuti dutsani musaikhulupirire ndi mtima wonse, kaya ku Tete kaya ku Polokwane, muziona nokha kutsogolo musanadutse.

China ndi mphambano za STOP mbali zonse zinayi. Wofika poyamba ndiye amadutsa poyamba, ndipo mumaima kwenikweni matayala osazungulira, osati kungochepetsa. Maroboti akazima lamulo ndi lomwelo, mmodzimmodzi motsatana mmene mwafikira, popanda wapolisi pakati. Kuno maroboti akazima aliyense amalowetsa mphuno, wa kabaza nayenso apo, tonse n'kumangana mpaka wina atsike azikuwa. Mukakachita zimenezo kumeneko akugundani, chifukwa mnzanuyo akudziwa kuti ndi nthawi yake ndipo sakuyembekeza kuti mulowa. Kunena zoona izi zimandiwawa, chifukwa si nkhani ya ndalama kapena misewu yabwino, tikhoza kumachita pa Kameza mawa lomwe titafuna.

Hutala nayonso muisiye. Kuno timaimba popereka moni, poitana pasenjala, pouza mlonda atsegule geti. Kumeneko a mataxi okha ndi amene amaimba mwachisawawa, inu mukaimbira munthu pa roboti amaona ngati mwamutukwana, ndipo simudziwa kuti wanyamula chiyani m'galimotomo. Zitseko zikhale zokhoma, chikwama ndi foni osaika pampando poonekera, munthu akamakulozerani tayala pamsewu musaime pomwepo, kaimeni pa filing'i siteshoni. Makamera a spidi ali paliponse. Ma e-toll a ku Gauteng, matolgeti a makamera aja, anawathetsa mu April 2024 koma matolgeti a pa N1 monga Baobab, Capricorn ndi Kranskop alipobe, konzani ma rand.

Amene anafunsa za Tanzania mu ndemanga zija, kumenekonso ndi kumanzere, koma mukangodutsa pa Songwe m'midzi monse ndi 50 ndipo apolisi ovala zoyera amakhala ndi kamera m'manja. Kumanja amayenda ku DRC, Rwanda ndi Burundi.

Za tsiku lobwerera muganize bwino achimwene. Khirisimasi ikamayandikira chikhamu chimachoka ku Joni kulowera ku Zimbabwe ndi kuno, mu January n'kumabwerera, ndiye popita mu December mukhala mukusemphana nacho, koma mukati mubwere kudzadyera Khirisimasi kuno mukakumana nacho pa Beitbridge. Fikanipo m'mamawa, madzi akumwa a ana ndi kamba zikhale m'galimoto.