Malo a H-1B sagulitsidwa, musapatse ejenti ndalama

Lamlungu lapitali achemwali anga anandiimbira foni akulira. Mwana wawo, amene anamaliza maphunziro a makompyuta zaka ziwiri zapitazo, anapezana ndi munthu pa WhatsApp amene anati ali ndi malo atatu a visa ya H-1B, yogwirira ntchito ku America, omwe atsala, ofunika kulipiriratu lisanathe sabata. Anagulitsa puloti ya malemu bambo ake, n'kukagula madola pa black market pamtengo mukuudziwa uja, n'kutumiza. Lero nambala ija sikupezeka. Mphwanga uyu ndi wanzeru, koma sanandifunse chifukwa ankafuna kudzandidzidzimutsa atafika. Sindinagone usiku umenewo, ndipo ndikulemba izi kuti inu amene mwangofika kuno ku America pa visa ya sukulu, ndi inu amene mukadali kumudzi mukuwerengera masiku, mumve kwa munthu amene anadutsamo.

Choyamba, malowo ndi owerengeka. Lamulo la America limalola ma H-1B atsopano 65,000 pa chaka, ndi ena 20,000 a anthu amene anatenga masters kapena kuposa pamenepo ku yunivesite ya ku America konkuno. Onse pamodzi 85,000, a dziko lonse lapansi, ndipo ambiri mwa iwo amapita kwa Amwenye. Mu 2023 mayina amene analembetsedwa anaposa 780,000. Chifukwa cha kuchuluka kumeneku boma limachita maere. Kulembetsa kumachitika mu Malichi kwa masabata ochepa, amene asankhidwa mapepala awo amatumizidwa kuyambira 1 Epulo, ndipo ntchito siyamba lisanafike 1 Okutobala. Ndiye munthu akakuuzani mu Ogasiti kuti ali ndi malo otsala m'thumba mwake, ndi wakuba, palibenso dzina lina.

Chachiwiri, ndipo apa mpamene mphwanga anagwera: inu simungadzilembetse nokha. Amalembetsa ndi abwana amene akufuna kukulembani ntchito, kapena loya wawo, ku USCIS, nthambi ya boma la America yoona za anthu olowa m'dzikomo, ndipo madola 215 olembetsera amalipiridwa kumeneko, osati pa Mpamba kapena Airtel Money kwa munthu amene simunamuonepo nkhope. Ngati simunachitepo intavyu ndi kampani yeniyeni, palibe amene wakulembetsani. Ena amanena kuti akulowetsani kudzera m'makampani asanu kuti mwayi uchuluke. Chinyengo chimenecho boma linachitseka mu 2024, tsopano munthu amawerengedwa kamodzi potengera pasipoti yake. Musasokonezenso ndi DV, maere a green card (chilolezo chokhazikika ku America) aja tinkalemba pa intaneti kafe. Ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu, koma akubawa amazisakaniza dala.

Kuonjezera apo, mu Seputembala 2025 Purezidenti Trump analamula kuti kampani yofuna kuitanitsa munthu watsopano wa H-1B kuchokera kunja izilipira madola 100,000. Taganizani nokha ngati kampani imene ikuyenera kutulutsa ndalama zoterozo ingakhale ikusaka anthu pa gulu la WhatsApp.

Ine ndinabwera pa visa ya sukulu, n'kugwira ntchito pa OPT, chilolezo chogwirira ntchito munthu akamaliza sukulu. Imeneyo ndi miyezi 12, ndipo ife a sayansi ndi makompyuta amatiwonjezera miyezi 24. Ndinagwa maere kawiri. Malichi aliyense ndinkadwala m'mimba. Ndikukumbukira ndili m'galimoto pa malo oimikapo magalimoto ku ntchito, chipale chikusungunuka pa galasi, ndikuyang'ana imelo ya loya ya mizere iwiri yonena kuti dzina langa silinatuluke. Ndinakhala momwemo mpaka nsima ya m'kontena inazizira. Kachitatu ndi pamene ndinasankhidwa, OPT itatsala pang'ono kutha. Palibe luso limene ndinachita, ndipo anzanga ondiposa nzeru anabwerera kwawo.

Chimene palibe anandiuza nthawi imeneyo, ndipo chimandipwetekabe, n'choti mayunivesite, zipatala zina zolumikizana nawo, ndi mabungwe a kafukufuku osapanga phindu salowa m'maere. Angathe kukupempherani H-1B mwezi uliwonse. Malipiro amakhala otsikirapo, inde, koma ndikanadziwa sindikanataya zaka zitatu ndikukhala ndi mantha. Anzathu amene ankadziwa ankangokhala chete. Timakumana pa maliro ndi pa chikondwerero cha 6 Julaye, timadyera limodzi chambo chochokera kumudzi, koma nkhani ya mapepala aliyense amabisa ngati mankhwala.

Tsono mukaipeza visayo musaganize kuti mwafika. Imamangiriridwa kwa abwana. Anga oyamba ankadziwa bwino lomwe kuti sindingachoke msanga. Ndinkagwira Loweruka, ndinkaitanidwa usiku, anzanga akukwezedwa ine ndili pomwepo. Nditapempha kuti ayambe za green card, bwana anandiyankha akumwetulira kuti tidzaona chaka chamawa, ndipo anayankha chimodzimodzi zaka zitatu zotsatizana. H-1B imaperekedwa zaka zitatu, n'kuwonjezeredwa zina zitatu, ndipo ngati green card sinayambike, zisanu ndi chimodzizo zikatha mumalongedza. Funsani za green card tsiku limene mukukambirana malipiro, muone ngati angalembe pa pepala. Ine ndinachita manyazi, ndinaleredwa kuti wamkulu safunsidwa kawiri, ndipo manyaziwo anandidyera zaka.

Kenako anandichotsa ntchito Lachisanu lina masana, pa foni ya mphindi zisanu. Kuyambira tsiku limenelo munthu amakhala ndi masiku osapitirira 60 kuti apeze kampani ina yomutenga, asinthe visa, kapena atuluke m'dziko. Ubwino wake simubwereranso m'maere, kampani yatsopano imangotumiza pempho lake. Ine ndinaipeza masiku atatsala ochepa kwambiri. Lamulo limatinso abwana amene akuchotsani nthawi isanakwane alipire ulendo wanu wobwerera kwanu, koma anga sanatchuleko n'komwe. Sungani ndalama ya lendi ya miyezi itatu imene simuikhudza, ngakhale kumudzi afune fizi kapena feteleza. Ndikudziwa kuwawa kwake kukaniza mayi ako, ndinachitapo.

Chachitatu ndi cha inu okwatira. Mkazi kapena mwamuna wanu amabwera pa H-4, ndipo saloledwa kugwira ntchito mpaka green card yanu itafika pena pake. Akazi anga anali mphunzitsi wa sekondale kumudzi, olemekezeka, ana akuwathamangira kuwalandira chikwama. Kuno anakhala zaka zinayi m'kanyumba ka zipinda ziwiri, akuyang'ana pawindo. Wina adzawanyengerera kuti azikasamalira okalamba mobisa, kulipidwa pamanja. Kanani, chifukwa zikadziwika mapepala a banja lonse amaonongeka. Kambiranani zimenezi musanagule tikiti.

Anamwino, H-1B kawirikawiri si njira yanu, ambiri amadzera green card ya ntchito. Ejenti wokulonjezani H-1B ya unamwino wamba muyambe mwamukayikira.

Mphwanga ndamuuza asunge mauthenga onse ndi malisiti, apite nawo ku polisi, ngakhale mumtima ndikudziwa kuti puloti ija yapita. Achemwali akuti sakudya, akungodzitsekera m'chipinda. Ndimuimbiranso mawa m'mawa ndisanapite ku ntchito.