Mwandifunsa za mabuku, ine ndakumbuka mchimwene wanga

Achemwali ena a ku Leicester anandilembera imelo sabata yatha. Mwana wawo wamwamuna ali pachibwenzi ndi mnyamata wachimwenye, ndiye akufunsa ngati alipo mabuku a nkhani zopeka, olembedwa ndi amwenye okhala kunja, oti awathandize kumvetsa anawa. Achemwali, kalata yanu yanditosa pachilonda.

Mchimwene wanga anatha zaka 9 osaponda kumudzi. Chifukwa chake tonse timachidziwa, koma panalibe wochitchula. Mayi akamuimbira foni ankangoti, "Mwadya?" Basi. Chaka china ndikupita kukamuona, mayi anamanga usipa ndi nsinjiro m'timaphukusi tiwiri. Nditafunsa, anayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Kenako n'ka mnzakeyo." Mpaka kumwalira kwawo sanawonjezerepo liwu lina. Ndinalira m'basi njira yonse, usipa uli pamiyendo.

Mwina n'chifukwa chake Funny Boy, buku la Shyam Selvadurai la 1994, limandigwira mtima. Arjie ndi kamnyamata ka mtundu wa Chitamil ka ku Colombo, ku Sri Lanka, kokonda kuvala sari n'kukhala mkwatibwi pa masewera a ana. Achibale atamugwira akuseka, ndipo mayi ake, omukonda ndithu, akumuletsa kusewera ndi atsikana osatha kufotokoza chifukwa chomveka. Mayi ameneyo ndikumudziwa. Koma taonani mathero ake: banjalo likuthawira ku Canada chifukwa cha zipolowe za mu July 1983, pamene Atamil ankaphedwa ndi kuotcheredwa nyumba. Chomuthamangitsa Arjie kwawo ndi mtundu wake, osati chikondi chake. Selvadurai mwiniwake anachoka ku Sri Lanka ndi makolo ake pambuyo pa zipolowe zomwezo.

Pamenepa mpamene ndimakwiya ndi anthu owerenga mabukuwa ngati akuti ufulu uli ku Toronto kapena ku London, kwathu kuli mdima wokhawokha. Bodza limenelo. Gawo 377 la malamulo a India, loletsa amuna kugonana okhaokha, linalembedwa ndi atsamunda a ku Britain mu 1860, ndipo khoti lalikulu la India linalithetsa mphamvu pa akuluakulu ogwirizana pa 6 September 2018. Lamulo lathu la ku Malawi, la zaka 14 m'ndende, linabwera ndi atsamunda omwewo. Ndipo kunjako sikulandira aliyense ndi manja awiri. Mu My Beautiful Laundrette, filimu ya 1985 yolembedwa ndi Hanif Kureishi, wokondedwa wa Omar, mnyamata wa ku London wa banja lochokera ku Pakistan, ndi mnyamata wachizungu yemwe ankayenda ndi gulu lodana ndi anthu a ku Pakistan. Mnyamata wa mwana wanuyo akusenza akatundu awiri: khungu lake panjira, chinsinsi chake kunyumba.

Ndikuvomerezanso kuti ndinakula ndikuwadziwa amwenye pa kauntala pokha, m'masitolo a ku Limbe. Sindinkaganizako kuti kuseri kwa sitolo kuli mayi wosowa tulo chifukwa cha mwana wake. Ghalib Shiraz Dhalla, wobadwira ku Mombasa, ndiye ananditsegula maso ndi Ode to Lata ya 2002, nkhani ya mmwenye wa ku Kenya wokhala ku Los Angeles yemwe mayi ake abwera kudzamuchezera.

Ndiye muwerenge chiyani?

Yambani ndi Funny Boy. Kenako Marriage of a Thousand Lies ya SJ Sindu, ya 2017: Lucky, mkazi wokonda akazi, anakwatiwa ndi mwamuna wokonda amuna kuti makolo a mbali zonse akhazike mitima pansi. Onse ali m'Chingerezi, a ku laibulale akhoza kukuitanitsirani. Mnyamatayo muitaneni adzadye kwanu, mufunse kaye ngati amadya nyama. Mukamaliza buku la Sindu mundilembere, mundiuze ngati mayi ake a Lucky mwawakhululukira. Ine ndikulimbana nawobe.