Magazi otumizidwa m'mapaipi: bwanji ena amabwezedwa?

FUNSO: Zikomo akuluakulu. Ndine namwino wa ku Malawi, ndikugwira ntchito pa chipatala china ku Manchester. Kuno magazi sitinyamula pamanja ngati kwathu. Timaika timabotolo m'chitini chapulasitiki, n'kuchilowetsa m'paipi, mpweya n'kuchikankha mpaka ku labu. Tsiku lina a ku labu anandibwezera magazi oyezera mmene ma platelet (timaselo tothandiza magazi kuundana) akugwirira ntchito, akuti ndikanabwera nawo ndekha, koma a INR (mayeso a kuundana kwa magazi) amene anadutsa paipi yomweyo anawalandira. Zikusiyana pati?

YANKHO: A Namwino, a ku labu sanakulakwireni. M'zipatala zambiri chitinicho chimathamanga mamita 6 mpaka 8 pa sekondi. Vuto lenileni si liwiro, koma kugwedezeka pokhota, posinthira njira, ndi kumenyetseka chikamaima.

INR, PT, aPTT, fibrinogen ndi D-dimer, omwe ndi mayeso a kuundana kwa magazi, amaziyeza pa plasma, madzi a m'magazi otsala maselo akachotsedwa. Magazi amayamba azunguzidwa m'makina kwa mphindi 15 pa mphamvu ya 1500 g (kuwirikiza ka 1500 mphamvu yokoka ya dziko), mpaka ma platelet otsala atachepera 10,000 pa microlitre. Choyezedwa ndi mapuloteni oundanitsa magazi, ndipo amenewo sasintha kwenikweni ndi ulendo wa mphindi ziwiri.

Mayeso monga PFA-100, Multiplate ndi aggregometry amayeza ma platelet enieniwo, mmene amamatirirana akautsidwa. Ma platelet sachedwa kudzidzimuka. Akakhutchumulidwa m'paipi, ena amayamba ntchito asanafike, ndiye akamautsidwa ku labu amayankha mofooka ngati otopa. Munthu wabwinobwino angaoneke ngati ali ndi matenda a ma platelet, kapena mankhwala ofooketsa ma platelet monga aspirin ndi clopidogrel angaoneke ngati akugwira kwambiri kuposa mmene zilili. Magazi amenewa apite pamanja, asaikidwe pozizira, ndipo ayezedwe asanathe maola 4. Pa TEG ndi ROTEM, mayeso oona mmene magazi athunthu akuundanira, malamulo amasiyana chipatala ndi chipatala; ife tikanati nyamulani pamanja pokhapokha labu yanu itayesa yokha mapaipi ake.

Pamene pamafunika maso kwambiri ndi pa wodwala amene ali pa dilipu ya heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Ma platelet akautsidwa amatulutsa puloteni yotchedwa platelet factor 4, imene imagwira heparin m'kabotolomo n'kumuthetsa mphamvu. aPTT, nthawi imene plasma imatenga kuti iundane, imatuluka yaifupi, adokotala n'kuganiza kuti mankhwala achepa, n'kuwonjezera, wodwala n'kuyamba kutaya magazi. N'chifukwa chake magazi otere azunguzidwe lisanathe ola limodzi. Apa paipi imathandizanso, chifukwa imafikitsa msanga kusiyana ndi kudikira munthu wonyamula. Lembani nthawi yotengera magazi komanso kuti wodwala ali pa heparin.

Kunena zoona, zambiri zimene timanamizira mapaipi zimalakwika pa bedi pomwepo. Kabotolo ka chivindikiro cha buluu wowala kali ndi mankhwala oletsa kuundana, sodium citrate wa 3.2 peresenti, woyezeredwa kuti akhale gawo 1 pa magawo 9 a magazi. Kakapanda kudzaza kufika pa mzere, kapena kakachepera 90 peresenti, citrate amachuluka ndipo nthawi youndana imatalika mwabodza. Mpata wotsalawo umachititsanso magazi kukhavuka m'paipi, maselo ofiira n'kusweka, plasma n'kufiira, a ku labu n'kukana. Mukagwiritsa ntchito singano ya butterfly (yamapiko, yokhala ndi kachubu), yambani ndi kabotolo kena koti mukataye, chifukwa mpweya wa m'kachubu umadya malo. Tembenuzani katatu kapena kanayi mofatsa, osakhutchumula. Ikani siponji m'chitini kuti timabotolo tisagundane. Osaika pa ayezi: kuzizira kumautsa puloteni youndanitsa magazi yotchedwa factor VII, PT n'kufupika, komanso kumachepetsa inzake, factor VIII.

FUNSO: Ndikuphunzira za labu ku Blantyre. Chipatala chikaika mapaipi atsopano, angadziwe bwanji kuti sakuwononga magazi?

YANKHO: Amatenga timabotolo tiwiri kwa munthu mmodzi nthawi imodzi, kena kupita pamanja, kena m'paipi, n'kuziyeza pamodzi pa makina omwewo. Achite zimenezi kwa anthu angapo, ndipo asankhe wodi yakutali kwambiri, yodutsa mokhota mwambiri. Kuwonjezera pa PT ndi aPTT, ayerekezenso potassium ndi LDH (puloteni ya m'kati mwa maselo), chifukwa zimenezi zimakwera msanga maselo ofiira akasweka. Aphatikizepo odwala enieni, osati athanzi okhaokha: maselo oyera a munthu wa leukaemia (khansa ya m'magazi) amasweka mosavuta m'paipi, potassium n'kuoneka wokwera mwabodza. Pali tizipangizo toika m'chitini tolemba kugunda kulikonse kwa m'njira, ndipo makina ambiri amalola kutsitsa liwiro kufika pafupifupi mamita 3 pa sekondi potumiza magazi osachedwa kuwonongeka. Akawonjezera nthambi ina ya paipi kapena kusintha makina opemerera mpweya, kuyesako kubwerezedwe.